Nkhope Zimene Ndinakana Kudula

Tiyamike ndi Yohane, ana anga, mwandiseka kokwanira kuti ndine mayi wosunga zinyalala, poti m'madirowa mwanga monse muli tizidutswa ta mapepala. Sekani, mano ndi anu. Koma popeza ndapuma pa ntchito, ndipo dzanja layamba kunjenjemera ndikagwira sizasi, ndati ndikulembereni kumene khalidweli linachokera. Za ubwana wanga ku Mitundu ndizilumpha, munazimva mpaka kutopa nazo. Nditchulapo chimodzi chokha, chifukwa popanda chimenechi simungamvetse zinazo. Amayi anga anamwalira ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo sanajambulidwepo chithunzi ngakhale kamodzi. Mawu awo ndimawakumbukira, kayendedwe kawo ndimakakumbukira, koma nkhope inafufutika pang'onopang'ono mpaka kutheratu. Zimandiwawa mpaka lero.

M'zaka za m'ma 1980, ku Old Town

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza mu situdiyo yojambula zithunzi ya a Chisale, kanyumba kakang'ono kuseri kwa mashopu, ukangowoloka mlatho kulowera kumsika. A Chisale anali bambo wamfupi, wadazi, wosaseka wamba, ndipo ankamanga tayi ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anandilemba kuti ndizisesa ndi kulongedza zithunzi m'maenvulopu. Patatha sabata ziwiri anandipatsa sizasi ndi mulu wa zithunzi za ukwati kuti ndiwongole m'mbali mwake. Ine pofuna kuonetsa changu ndinadula mwaphuma. Iwo anabwera, n'kutola kachidutswa pansi, n'kukakayang'anitsitsa pawindo.

"Esinati, khutu ili n'la ndani?"

"Sindikudziwa, bwana. Munthuyo anangooneka theka, kumapeto kwenikweni."

"Theka limenelo lili ndi mayi ake. Akabwera mawa kudzafuna mwana wawo, iwe udzawapatsa chiyani?"

Ndinkaganiza kuti ntchito yathera pomwepo, koma iwo anangokoka mpando n'kukhala pambali panga. Anati: "Pepala dula mmene ungafunire, ndi langa, ndigula lina. Munthu usamudule."

Tsiku limenelo anandiphunzitsa njira imene inandidyetsa moyo wanga wonse. Kasitomala akafuna kuti pachithunzi paoneke munthu mmodzi yekha, chithunzicho suchidula ayi. Umatenga pepala lolimba, n'kuboolapo zenera, lozungulira kapena la makona anayi, n'kuliika pamwamba pa chithunzi. Wofunikayo amasuzumira pazenerapo, enawo amakhala pansi pa pepala, ali amphumphu. Chithunzi chenichenicho sichikhudzana ndi guluu. Chimagwiridwa ndi timakona tinayi ta pepala, ndipo lazeneralo umalimata m'mphepete mokha. Ndi ntchito yochedwetsa, ndipo ndikayamba kuusa moyo a Chisale ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, osatukula n'komwe mutu.

Zinthu zinkasowa masiku amenewo, musamve zoti kale zonse zinali bwino. Timakona togula tinkatha, miyezi n'kudutsa tisanabwere. Ndinkayenda m'maofesi kupempha maenvulopu akale, n'kumadula ngodya zake, ndipo zinkagwira ntchito ngati togula tomwe. Guluu akasowa ndinkaphika phala la ufa wa chinangwa m'kachitini. Linkamata bwino, kungoti mphemvu zinkalikonda kuposa mmene ife tinkalikondera. Kumeneko n'kumenenso ndinakumana ndi bambo anu. Anabwera katatu kudzajambulitsa chithunzi cha chiphaso, ulendo uliwonse akudandaula kuti sichikufanana nawo. Ulendo wachitatu a Chisale anawauza kuti, "Achimwene, filimu yanga ikutha. Ngati mukufuna mtsikanayu, pitani mukaonane ndi amalume ake."

M'zaka za m'ma 1990 ndi zotsatira zake, ku City Centre

Maso a a Chisale atayamba kuchita khungu anatseka situdiyo, koma sanandisiye pamsewu. Anandigwira dzanja mpaka ku City Centre, kushopu ina yogulitsa mabuku ndi mapepala, n'kuuza woyang'anira shopuyo, a Msiska, kuti akandikana adzanong'oneza bondo. A Msiska anali munthu wabwino mtima, koma wamantha ndi makasitomala. Mayi wa nsapato zogogoda akangolowa, iwo thukuta kamukamu. Anandipatsa tebulo pakona, pafupi ndi shelefu ya maalubamu, ndipo ndinakhala pamenepo zaka zambiri.

Pa tebulo limenelo ndinaona mafashoni akubwera ndi kupita ngati mvula. Kunayamba maalubamu a masamba omata okha, okhala ndi pulasitiki pamwamba. Anthu anawakonda, ine ndinkawada, chifukwa pakapita zaka zithunzi zinkasanduka zachikasu n'kukakamira osachokanso. Kenaka azimayi a kumaofesi a akazembe anayamba kubwera ndi mabuku awo okongoletsa pamanja, tsamba lililonse chithunzi chimodzi, maluwa a pepala, ndi mawu olemba ndi cholembera chagolide. Amayi a ku Area 10, Area 11 ndi Area 43 ataona, nawonso anafuna zomwezo, koma nthawi yokhala pansi n'kumamata analibe. Ntchitoyo inagwera ine. A Msiska anayamba kuitanitsa masizasi odula mokhotakhota, timakina toboola nyenyezi ndi mitima, mariboni, zomata zonyezimira, ndi fumbi lina long'anima limene linkandikakamira kumaso mpaka kutchalitchi. Mwana wobadwa dzulo ankakhala ali kale ndi masamba makumi awiri, asanamere ngakhale dzino.

Sindikunyoza ayi. Ntchito imeneyi ndinkaikonda, ndipo ndi imene inakuphunzitsani sukulu bambo anu atatisiya. Anthu ankanditsegulira makatoni a zithunzi amene ngakhale abale awo sanawaonepo, ndipo ndinkadziwa za mabanja ambiri kuposa abusa awo. Chimodzi chokha chinkandivuta. Fashoni yatsopanoyo inkakonda kudula: mwana adulidwe ngati dzira, akwati adulidwe ngati mtima, ena onse kudzala. Zithunzi zikakhala ndi mafilimu ake, kapena zikakhala zoti tingazikope pamakina, ndinkadula makopewo mtima uli m'malo. Zikakhala zosabwerezeka ndinkaboola mazenera a a Chisale, ndipo makasitomala ankaona ngati ndi fashoni inanso yochokera kunja.

Chaka chimene mafuta anasowa

Munali akuluakulu kale, mukukumbukira mizere ya magalimoto ija. Kwa ife sikunali mafuta okha. Katundu wakunja anasiya kubwera, mashelefu anayera, guluu ndi mariboni zinatha, ndipo makina athu okopera zithunzi anakhala miyezi opanda inki. Yohane, iwe unali chaka chachiwiri kukoleji, ndipo pakhomo wogwira ntchito ndinali ine ndekha.

Lolemba lina kunabwera kasitomala wathu wakalekale. Ndiwatchula kuti Mayi Jere, ngakhale si dzina lawo. Ankakhala ku Area 11, amuna awo anali akuluakulu ku Capital Hill, ndipo ankapemphera mpingo umodzi ndi eni shopu yathu. Anaika katoni ya nsapato patebulo panga n'kunena kuti mwana wawo Tadala ali ndi chinkhoswe Loweruka, ndipo akufuna alubamu ya moyo wake wonse, kuyambira ali khanda, yoti akuchimuna akaione. Tinayamba kusankha. Pa zithunzi za ukhanda, khumi ndi chimodzi zinali ndi mayi wina atanyamula mwanayo, kapena atamubereka, kapena akumusambitsa m'beseni kuseri kwa nyumba. Anali wosavala nsapato, wa duku ndi chitenje chofwifwa.

"Awa muwachotsemo," anatero Mayi Jere. "Atsale mwana yekha. Mudule ngati mtima kapena ngati dzira, zilizonse zimene zili m'fashoni."

"Ndi ndani amenewa, madamu?"

"Wantchito."

Ine ndinali nditayang'ana nkhope za anthu zaka pafupifupi makumi atatu. Chipumi cha mayi wa pachithunziyo ndi kampata ka pakati pa mano ake zinali zomwezo zimene zinali patsogolo panga, zitangopakidwa mafuta odula. Ndinangofunsa ngati mafilimu a zithunzizo analipo, iwo n'kuyankha kuti anajambula ndi munthu wa panjinga woyenda khomo ndi khomo, ndipo sakudziwa kumene anathera. Ndinawauza kuti makina athu sakugwira ntchito, ndiye zikadulidwa, zapita.

"N'zimene ndikufuna," anatero. "Zodulazo mundiikire mu envulopu, ndikazitaya ndekha."

Atatuluka ndinapita kwa a Msiska. Anandimvetsera akupukuta magalasi, kenaka anati: "A Nankhoma, zithunzi n'zawo. Mwini mbuzi akafuna kuidula mchira, ife yathu n'kunola mpeni. Chonde musandiputire mavu, mukudziwa amene amapemphera nawo."

Sanalakwe kutero, ndipo ndinabwerera patebulo nditatsimikiza kumvera. Lachiwiri m'mawa ndinatenga chithunzi choyamba. Mayi uja anali atagwada pafumbi, atagwira timikono ta mwana pomuphunzitsa kuyenda. Sankayang'ana wojambula, ankayang'ana mwanayo, akuseka. Ndinalowetsa chithunzicho pakati pa mano a sizasi, ndipo ndinaona kuti ndikadula patsala zala zake zokha zitagwira mwana, zala zopanda mwini. Ndinaganiza za amayi anga. Akanakhala kuti anajambulidwapo kamodzi, ngakhale kumapeto kwa chithunzi cha eni ake, ngakhale theka, ndikanayenda wapansi mpaka kulikonse kukachiona. Ndinaika sizasi pansi.

Masiku atatu otsatira ndinaboola mazenera khumi ndi limodzi. Mapepala abwino kunalibe, ndiye ndinagwiritsa ntchito makadi a ukwati amene anatsala osagulidwa, n'kuwakuta ndi tizidutswa ta zitenje timene ndinakapempha kwa matelala kumsika. Ndinadula ngodya za maenvulopu, ndinaphikanso phala la chinangwa m'kachitini monga kale. Kunena zoona, inali alubamu yokongola kuposa zonse zimene ndinapangapo. Koma pali china chimene sindinakuuzenipo, ndipo ndikuchita nacho manyazi. Ndinatenga envulopu, n'kuikamo zidutswa za mapepala wamba, n'kuimata, n'kuiika m'dirowa. Ndinkadziwa kuti Mayi Jere sakanaitsegula.

Lachisanu masana anabwera. Anatsegula tsamba ndi tsamba akumwetulira, mpaka anaitana a Msiska kuti adzaone. Kenaka anatambasula dzanja. "Envulopu ija?"

Dzanja langa linali kale pachigwiriro cha dirowa. Ndinali nditakana kudula munthu, ndiye ndiyambe kunamiza munthu? Ndinalibweza dzanjalo.

"Sindinadule, madamu. Ali pansi pa mapepalawa, pa zithunzi zonse."

"Ndinakutumani chiyani?"

"Munandituma kudula. Ndalakwa kusakumverani, koma manja anakana. Ine amayi anga ndilibe chithunzi chawo ngakhale..."

"Sindinabwere kudzamva za amayi anu."

Sanakweze mawu. Chinkhoswe chinali mawa lake, nthawi yokonzanso panalibe, ndiye ananyamula alubamuyo n'kunena kuti akadula okha. Lolemba a Msiska anandiitanira mu ofesi. Sanathe kundiyang'ana kumaso. Anati eni shopu alamula kuti ndichotsedwe, koma iwo awachonderera mpaka avomera kuti ndipite kunyumba yosungiramo katundu ku Area 4, kumene kulibe makasitomala oti ndiwayankhe. Munthu wamantha uja anandiimira pamene ine sindinayembekezere, ndipo sindidzaiwala.

Zaka za ku Area 4

Kumeneko ntchito yanga inali kudula mitokoma ya mapepala pa chimpeni chachikulu ndi kuimanga m'mitolo. Fumbi, kutentha kwa malata, ndi chifuwa chosatha. Chaka choyamba ndinali wowawidwa mtima kwambiri. Tsiku lina ndinkadziona ngati wolungama wozunzidwa, tsiku lina ndinkadzifunsa kuti ndinali ndani ine kulowerera za m'banja la eni, zithunzi zisali zanga. Funso limenelo sindinaliyankhe bwinobwino mpaka lero. Chimene ndinkadziwa n'chakuti ntchito inalipo, Yohane anamaliza koleji, ndipo kuchokera kunyumba kwathu ndinkangoyenda wapansi.

Kumeneko n'kumenenso ndinapeza makasitomala amene sindinkawaganizira. Mlonda wa pamalopo anandiona ndikutola zidutswa za makatoni, n'kundibweretsera zithunzi zitatu za ana ake zimene ankasunga m'Baibulo. Ndinamupangira kabuku. Anakauza mkazi wake, amene ankagwira ntchito m'nyumba ku Area 43, ndipo posakhalitsa Loweruka lililonse masana pakhonde pathu pankadzaza amayi ndi timapepala tapulasitiki ta zithunzi. Tiyamike, ukukumbukira mmene unkadandaulira kuti tiyi akutha. Ndinawaphunzitsa timakona, mazenera ndi phala la chinangwa. Ndinapuma pa ntchito ndili komweko ku Area 4, ndipo sindinabwererenso ku City Centre.

Chaka chatha, nyengo yozizira

Ndinali kuwothera dzuwa pakhonde pamene galimoto inaima pageti. M'galimotomo munatsika mayi wachitsikana atakumbatira chinthu chokulunga m'chitenje, kenaka anatsegula chitseko china n'kuthandiza mayi wokalamba wa ndodo. Chipumi chija ndinachizindikira asanafike n'komwe pakhonde. Anali Mayi Jere ndi Tadala. Mayi Jere anati amuna awo anamwalira, tsopano akukhala kwa mwana wawoyo ku Area 43, ndipo njira ya kwathu anawalozera ndi a Msiska.

"Mwandikumbukira, a Nankhoma?"

"Kasitomala amene anakusamutsa sungamuiwale, madamu. Khalani pampandopa."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. Atakhala pansi anayamba kulankhula akuyang'ana ndodo yawo. "Aja sanali antchito. Anali achemwali anga, a Nambewe, a bere limodzi. Anasiya sukulu kuti ine ndiphunzire. Tadala atabadwa anabwera kudzandilerera, zaka zisanu ndi ziwiri. Alendo akabwera ndinkawauza kuti azidzera khomo la kuseri, ndipo anthu akafunsa ndinkati ndi mayi wa kumudzi wotithandiza. Tsiku lina anamva ndi makutu awo. M'mawa mwake ananyamula kathumba kawo n'kubwerera kumudzi. Anamwalira chaka chapitachi, tisanakhale pansi n'kukambirana."

Anati mwezi wotsatira kunali mwambo wa chiliza, ndipo ana a malemuwo ankafuna kuti pamwalapo pakhale nkhope ya mayi awo, monga anthu akuchitira masiku ano. Anafufuza mudzi wonse, chithunzi osachipeza. Tadala anamasula chitenje chija, ndipo inali alubamu yanga, zitenje za m'masamba zitafwifwa pang'ono.

"Simunadule?" ndinafunsa.

"Chinkhoswe chitatha ndinatenga lezala, n'kutukula ngodya imodzi. Ndinaona phazi lawo. Ndinatseka, osatsegulanso. Tsopano ndikuopa kuti ndikakoka nding'amba. Mungawatulutse?"

Ndinatuma Tadala kukhitchini kukatenga mpeni wobuntha wopakira majarini. Ubwino wa phala la chinangwa ndi umenewu: limagwira zaka, koma ukalipempha bwino limasiya. Guluu wa m'shopu akanakhalapo chaka chija, akanang'amba zonse. Ndinalowetsa mpeniwo m'mphepete pang'onopang'ono mpaka zenera loyamba linatukuka. A Nambewe anali pomwepo, atagwada pafumbi, akuseka, utoto wa chitenje chawo uli wowala kuposa mbali imene inkaonekera pazenera. Tadala anagwira pakamwa. Anati ankakumbukira fungo la utsi pamsana pawo ndi nyimbo ina yomugonetsa, koma nkhope inali itamuthawa. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ndi anga omwe.

Ndinatukula onse khumi ndi limodzi, ndipo palibe chinang'ambika. Mayi Jere anatenga chithunzi choyamba chija ndi manja awiri, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati chapansipansi, "Achemwali, mwakhalitsa mumdima. Ndinakutsekerani ndine." Ife awiri tinayang'ana kumbali kuti alire bwino.

Atapukuta maso ndinawafunsa ngati ndiboole zenera latsopano, loti paoneke nkhope ya a Nambewe yokha, kuti opanga mwala asavutike. Anapukusa mutu. Anati pasakhalenso zenera, achitenge chonse, ndi mwana yemwe, ndi mapazi omwe. Potsanzikana anandigwira dzanja osalisiya msanga, n'kunena kuti anandilakwira. Ndinawauza kuti nanenso sindinawamvere, ndipo tonse takalamba, tisiye pomwepo.

Ndikayang'ana m'mbuyo ndimathokoza. Ndimathokoza a Chisale amene anatola khutu la munthu wosamudziwa pansi, a Msiska amene anandisungira ntchito, ngakhale chaka cha kusowa chija chimene chinandibwezera ku phala la chinangwa. Mulungu anandipatsa ntchito yaing'ono, ya sizasi ndi zinyalala, ndipo sindikudandaula nayo.

M'dirowa la pansi, kuseri kwa zidutswa zimene mumandiseka nazo, muli alubamu ya banja lathu. Bambo anu alimo katatu patsamba limodzi, ndi zithunzi za chiphaso zija. Inu mulimo, adzukulu alimo. Patsamba loyamba mudzapeza zenera lozungulira, lokutidwa bwino m'mbali, timakona tinayi tili m'malo mwake, koma mulibe chithunzi. Si kuti ndinaiwala. Ndi malo a agogo anu, ndipo musadzamatepo munthu wina.